Chigubu cha kwa Cosme

Lolemba m'mawa Benedita sanakhale n'komwe pampando wake kupolisi ya Mandimba. Atangolowa pakhomo anamubweza kuti athamangire kuchipatala. Amuna awiri a kabaza, anthu amphamvu zawo amene ankapalasa njinga tsiku lonse pakati pa msika ndi malire, anali atamwalira dzulo lake motsatizana. Wachitatu anali akupumabe.

Namwino anamulandira pakhonde, maso ali psuu ndi tulo.

"Si malungo, si kolera," anatero. "Onse anabwera akusanza, akupuma ngati akwera phiri, akudandaula maso. Ndinazionapo kamodzi zoterezi. Ndi mowa wosakaniza ndi mankhwala a ntchito, alikolo wotsukira zinthu. Umakoma ngati mowa, umaledzeretsa ngati mowa. Ukatero umayamba kudya munthu mwakachetechete."

Wotsalayo anali Yosefe, bambo wa ana anayi. Anagona chagada, maso ali tong'o kuyang'ana malata.

"Bambo Yosefe, ndine Benedita wa kupolisi."

"Mawuwo ndawadziwa. Ndinakunyamulanipo kuchokera kumalire muli ndi thumba la anyezi. Munkangoti chepetsani liwiro, chepetsani liwiro." Anaseka pang'ono, chifuwa n'kumudula. "Onani tsopano, ndachepetsa."

"Munamwa kuti?"

"Kwa mayi Temwani, kuseri kwa msika. Lachisanu titaweruka. Ine, Wiseman ndi Pedro. Anatitsegulira watsopano. Unali wakuthwa, mayi, wolowa mpaka m'zala za kumapazi. Wiseman anachita kunena kuti lero amayi atikumbukira."

"Munadya chiyani?"

"Chinangwa chootcha. Chomwe timadya masiku onse. Loweruka ndinagwira ntchito, mutu wokha ukugunda. Dzulo m'mawa ndikudzuka, ndinaona ngati wina watentha tchire m'nyumba. Utsi wokhawokha. Ndinamukalipira mkazi wanga kuti azime moto. Moto kunalibe. Pofika masana ngakhale utsiwo unatha." Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a Benedita, koma anaphonya pang'ono, n'kuyankhula ndi khoma. "Kodi anzanga aja awagoneka chipinda chiti? Bwanji sakubwera kudzandizonda?"

Benedita anayang'ana namwino. Namwino anapukusa mutu.

* * *

Benedita ankawadziwa mayi Temwani kuyambira ali wamng'ono. Anali mayi wa ku Malawi amene anakwatiwa ndi wothawa nkhondo, n'kubwera naye kuno mu 1993 pa lole imodzi ndi makolo a Benedita. Ulendo wonsewo Benedita anauyenda ali pamiyendo pawo. Mpaka lero ankawaitana kuti azakhali.

Anawapeza akusenda nandolo pabwalo. Mbiri inali itawapeza kale, chifukwa sanadikire kufunsidwa.

"Zaka makumi awiri ndikutcheza kachasu, Benedita, zaka makumi awiri! Anafapo ndani? Unditchulire mmodzi. Bambo ako omwe ankamwa pano. Anthu aja anakadya zawo kwina, akufuna andipachike ine."

"Wa Lachisanu uja anamwa ndani winanso?"

"Atatu omwewo. Loweruka ndinali kumunda kukolola nandolo uyu ukumuonayu, kafunse aliyense. Lamlungu sindigulitsa, ndimapita kutchalitchi ine."

"Ndioneko pomwe mumasungira, azakhali."

M'kakhitchini munali migolo iwiri ya masese, paipi yotchezera ndi mabotolo. Zonse zinali zakale, zakuda ndi mwaye. Koma kuseri kwa chitseko, atachivundikira ndi thumba, kunali chigubu choyera cha malita makumi awiri, chatsopano. Benedita anachikokera poyera. Chinali chitachepa pang'ono chabe. Pachogwirira panali zala za utoto, wobiriwira ndi wofiira, zouma. Pamimba pake panali malo a makona anayi, omata fumbi, pomwe panali pepala. Pepalalo silinagwe lokha: m'mphepete munali mizere ya mpeni.

"Ichi?"

"Ndi cha madzi."

Benedita anatsegula, n'kununkhiza patali. Fungo linali la mowa, lopepuka, lozunako.

"Azakhali, Wiseman wasiya mkazi woyembekezera. Yosefe sadzaonanso. Musandiuze za madzi."

Mayi Temwani anakhala pansi pamwala. Mawu awo anatsika.

"Ndinathira makapu atatu okha mu wanga. Wanga unatuluka wofooka mwezi uno, shuga anavuta. Anandiuza kuti ndi alikolo wabwinobwino, woyera kuposa kachasu. Ndikanadziwa, ndikanapatsa ana amene amanditengera nkhuni ndi njinga zawo?"

"Anakuuzani ndani?"

"Chinangobwera pa shapa, minibasi ija, Lachinayi."

"Anatumiza ndani?"

"Undimange ine, mwana wanga. Ndine ndinathira."

Benedita anayang'ananso chotsekera cha chigubu. Kuti chisamadonthe, wina anali atakulunga kansanza pakamwa pake. Anakasolola n'kukatambasula padzuwa. Inali nsalu yoyeserapo utoto, malemba osanjikizana mitundumitundu, ena chadodolido. Pakona, mawu amodzi ankawerengeka bwino: Estamparia Cosme, Cuamba.

Atatukula mutu anapeza mayi Temwani atatseka nkhope ndi manja onse awiri.

* * *

Anasiya mnzake wa ntchito akulondera mayiwo ndi chigubu, iye n'kukwera shapa ya masana. Anafika ku Cuamba dzuwa litapendeka.

Estamparia Cosme inali nyumba yaing'ono kuseri kwa njanji, kumene ankadinda malemba pa makamizeta, malaya opanda mabatani, a sukulu, a mipingo ndi a matimu a mpira. Fungo linamulandira ali panja. Atalowa, maso anayamba kuyabwa. Mazenera onse awiri anali okhomedwa ndi misomali, m'mipata atatsekamo mapepala. M'mbali mwa khoma munatsamira matela, mafelemu a matabwa okungidwa nsalu yopyapyala ngati sefa, amene amakankhirapo tinta, utoto wodindira, kuti malemba atsikire pachovala. Pamsomali panalendewera chophimba kumphuno chimodzi, akangaude atamangapo kale.

Mwiniwake, Cosme, anali bambo woonda wa malaya osita bwino. Anamukokera mpando, n'kuupukuta ndi mpango wake.

"Shefi, bwana wanga, mwachita bwino kubwera, mwandipeputsira ulendo. Ndimati mawa ndibwere ndekha kudzadandaula. Andibera, sinyora. Ine ndine wolakwiridwa pano."

"Akuberani chiyani?"

"Alikolo wotsukira matela. Tinta akauma pa tela sachoka ndi madzi, ndiye timatsuka ndi ameneyo."

"Anaba liti?"

"Lachinayi, mosakayika. Ine kunalibe. Ndinapita ku Etatara kukasiya makamizeta a ana a sukulu, ndinabwera Lachisanu. Aphunzitsi onse angandichitire umboni, ndinadya nawo limodzi."

"Analowera pati?"

"Akuba a masiku ano, shefi, ndi akatswiri. Mwina padenga."

Benedita anayang'ana kudenga. Malata anali osasunthika, ndipo fumbi la pamitanda linali losakhudzidwa. Anapita pachitseko n'kugwira loko. Analibe chilema.

"Makiyi ali ndi ndani?"

"Ine, ndi mtsikana wanga wotsuka matela. Koma ameneyo ndi wofatsa, sangachite."

"Mazenerawa munakhomeranji?"

"Fumbi, sinyora. Fumbi la Cuamba likagwera pa tinta wamuwisi, ntchito yonse yawonongeka. Timazolowera. Ine zaka khumi ndili muno, kodi ndafa?"

Pansi pa tebulo panali chigubu china chofanana ndi cha ku Mandimba, chatheka. Benedita anagwada. Malo a makona anayi omwe aja, mizere ya mpeni yomwe ija.

"Pepala la apa lili kuti?"

"Zimabwera choncho. Ogulitsa ake ndi osasamala."

"Zimabwera zopalidwa ndi mpeni?"

"Ine ndi wodinda zovala, shefi. Za zigubu sindidziwa."

Benedita anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, akusuntha matela limodzilimodzi. M'mphepete mwa tela lililonse munali momata timapepala.

"Izi ndi za chiyani?"

"Kutseka mipata, kuti tinta asadutse posafunika. Timamata chilichonse chomwe chili ndi ulimbo." Cosme anayankha mofulumira, ndipo anayamba kuyandikira. "Samalani zovala, sinyora, tinta ameneyo sachoka."

Tela lachisanu linali ndi pepala lalikulupo, lomatidwa pakona. Benedita analinyamula n'kupita nalo pakhomo pomwe panali kuwala. Pansi pa tinta wobiriwira panaoneka chigaza cha munthu ndi mafupa awiri opingasa. Malemba akuluakulu ankati ÁLCOOL METÍLICO. M'munsi mwake, m'Chipwitikizi chosavuta, ankachenjeza kuti ndi poizoni, amachititsa khungu, amapha. Osamwa, osapuma mpweya wake, osagwira ndi manja opanda magolovesi. Anafufuza matela enawo. Onse pamodzi, anapeza mapepala otere atatu.

"Mapepala atatu, bambo Cosme. Chigubu chimodzi chili pansi pa tebulo lanu. China chili ku Mandimba, chapha anthu awiri."

Cosme anakhala pampando womwe anapukuta uja.

"Chachitatu chili kuti?" anafunsa Benedita.

* * *

Wotsuka matela anali kuseri, m'kachipinda kopanda zenera komwe. Anali atawerama pa beseni, akupukuta tela ndi chisanza chonyowa, manja ali osavala kanthu. Khungu la zala zake linali loyera, long'ambikang'ambika ngati dothi la m'dambo louma. Benedita anamutulutsira panja pamthunzi wa mango. Atamuyang'anitsitsa pamphumi ndi pakamwa, anazindikira chifukwa chimene mayi Temwani anakanira kutchula dzina.

"Ndiwe Lurdinha. Mwana wa azakhali a Temwani."

"Eee." Ankayankhula mochedwa, akutsinzinira kuwala. "Amayi ali bwino?"

"Ali moyo. Wagwira ntchito muno nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu. Kapena zinayi. Masiku ano ndimaiwala. Mutu."

"Chigubu unawatumizira ndiwe?"

Lurdinha anayang'ana pansi.

"Ndinatenga, sindikana. A Cosme anagula zitatu. Ndinati ndidzawauza. Amayi ankadandaula kuti kachasu wawo anthu akumuthawa."

"Unadziwa kuti muli chiyani?"

"Alikolo."

"Wamtundu wanji?"

"Alipo wamitundu?" Anadabwa zenizeni. "Nditangoyamba ntchito ndinkachita chizungulire, ndinkasanza. Ndinati ndisiye. A Cosme anati usaope, ameneyu ndi mowa chabe, yemweyo ali mu kachasu wa amayi ako, kungoti uyu ndi wosefedwa bwino. Anati chizungulirecho ndi kuledzera pang'ono, kwaulere. Ndinapempha magolovesi, anati mowa sutentha munthu."

"Pepala la pachigubu unaliwonapo?"

"Zimafika kuno atachotsa kale. Amalandira okha kusiteshoni."

Cosme anali ataima pakhomo. Benedita anamuyang'ana, ndipo bamboyo anatambasula manja.

"Shefi, mumvetse. Antchito awiri amene analipo kale anathawa atangoona chigazacho. Anthu athu amaopa zithunzi. Ntchito ikanaima. Ine sindinauze munthu kuti amwe. Kodi ndinathira ine m'kapu? Wakuba ndi uyu."

Benedita ankadziwa kale momwe nkhaniyi idzayendere ikafika pamapepala: amene anatenga chigubu ndi amene anathira m'mowa mayina awo adzakhala pamwamba, ndipo amene anapala pepala ndi mpeni adzabwera ndi malaya ake osita, n'kudzaima ngati mboni. Anagwira Lurdinha padzanja, mosamala kuti asamupweteke zilonda.

"Tamvera, mng'ono wanga. Mowa umenewo ndi poizoni. Amuna atatu anamwa kwa amayi ako Lachisanu. Awiri afa. Mmodzi wachita khungu."

Lurdinha anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mawuwo akuchokera kutsidya kwa mtsinje.

"Ayi," anatero motsitsa. "Ndi mowa chabe."

"Chigubu china chili kuti?"

"Anselmo anapita nacho. Mwamuna wanga. Loweruka."

"Kuti?"

"Kwawo, ku Ngauma. Kuli kumanga chiliza cha apongozi anga aakazi. Abambo ake ankada nkhawa kuti anthu adzachuluka, mowa udzachepa, adzachita manyazi. Ine a Cosme sanandilole kupita chifukwa cha ntchito, ndiye ndinati chigubucho chikandiimirire."

"Mwambowo ndi wa liti?"

Lurdinha anayang'ana kumene kunali dzuwa.

"Lero. Kuyambira m'mawa."

* * *

Foni ya Anselmo sinkalowa; kumudzi kwawo kunalibe netiweki. Benedita anaimbira wapolisi mnzake wa ku Ngauma, amene anati anyamuka pompo ndi njinga yamoto, koma mudziwo unali kuseri kwa mapiri, ndipo dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Anaimbira namwino wa ku Mandimba kuti akonzeke. Namwinoyo anangoti, "Ndikonzeke ndi chiyani, mayi? Mankhwala ake ife tilibe."

Tsiku lonse Benedita anali akuyenda kulowera kum'mawa, pamene chigubu chinali kumpoto, chikutsanulidwa m'makapu.

Anasiya Cosme m'manja mwa apolisi a ku Cuamba. Kutacha anakwera shapa yoyamba ndi Lurdinha. Sanamumange unyolo, pamanja pake panalibe malo abwino pomwe chitsulo chikanagwira. Anadutsa Mandimba osatsika. Lurdinha sanayang'ane kumsika. Ulendo wonse anangonena chinthu chimodzi, kawiri: "Anselmo samwa kwambiri." Benedita anavomera ndi mutu kawiri konseko.

Anatsika pamphambano masana, n'kupeza galimoto yonyamula chimanga yomwe inavomera kuwalowetsa mumsewu wafumbi. Atayenda ngati ola limodzi, dalaivala anachepetsa liwiro, kenako anaima.

Kutsogolo kunkabwera anthu. Poyamba njinga ziwiri, iliyonse itanyamula munthu womangidwa pampando ndi chitenje, mutu ukulendewera. Pambali pake mnzake wa Benedita uja ankakankha njinga yamoto, atakwezapo mayi wina wokalamba. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa amuna, aliyense atagwira phewa la amene ali patsogolo pake, akuponda mosamala ngati akuwoloka madzi. Amene ankawatsogolera anali mayi wobereka mwana, atagwira nsonga ya ndodo. Benedita anafika pa khumi ndi anayi, n'kusiya kuwerenga, chifukwa pakhota pankatulukabe ena.

"Nditafika dzulo chigubu chinali chitauma," anatero mnzakeyo, osamuyang'ana m'maso. "Atatu tawasiya kumudzi. Amenewo anamwalira usiku."

Lurdinha anali atatsika kale. Anayenda m'mbali mwa mzere akuyang'ana nkhope imodzimodzi. Anaima pa mkulu wina wa imvi, wovala jekete la mwambo lodzaza fumbi.

"Bambo."

Mkuluyo anaima, ndipo mzere wonse unaima naye.

"Ndani? Lurdinha? Wabwera, mwana wanga?" Anasiya phewa la mnzake n'kupapasa m'mwamba mpaka anapeza mkono wake. "Mwambo unayenda bwino. Anthu anakhuta, anayamikira. Unatichotsa manyazi, mwana wanga, Mulungu akudalitse. Kungoti kwatigwera matenda achilendo, sitikudziwa kuti achokera kuti. Akuti kuchipatala akatithira mankhwala m'maso."

"Anselmo ali kuti, bambo?"

"Anselmo anatopa. Ndiye ankagawira anthu, ndiye aliyense ankamuti lawa kaye, lawa kaye. Tamusiya akugona. Ndawauza kuti asamudzutse."

Lurdinha anatembenukira kwa wapolisi wa njinga yamoto. Wapolisiyo anayang'ana pansi.

Lurdinha sanalire. Anatenga dzanja la apongozi ake n'kuliika paphewa pake, n'kulowa mumzere.

"Tiyeni, bambo," anatero. "Pali dzenje kutsogoloku, mupondere kumanja."

Benedita anauza dalaivala kuti atsitse matumba a chimanga, akweze amene sangathe kuyenda. Malo anakwanira anthu asanu ndi atatu. Otsalawo anapitiriza wapansi, ndipo iye anayenda pambuyo pawo, kabuku kake kali m'thumba, osalembamo kanthu.